Nkhata ya Amayi Anga pa Chitseko cha Eni

Sitolo ija itagwa anthu ambiri anaimvera chisoni. Ine ayi. Mpaka lero ndikadutsa pamalo pomwe inali ku Woolwich ndimalavula malovu pansi, amuna anga n'kumandikoka dzanja kuti anthu angandione. Andione kumene. Sitoloyo inandidyera chinthu chimodzi chimene sindidzachipezanso, nkhata ya pamanda a amayi anga, ndipo amene anaithandiza kudyako ndi Mmalawi mnzanga.

Ndinayamba ntchito m'menemo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndisanazolowere n'komwe kuzizira kwa kuno ku London. Tinkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya pamwamba momwe mphepo ya kumtsinje imalowa ngakhale utatseka mawindo onse. Amuna anga ndi a ku Zambia, ankayendetsa basi. Ine m'mawa uliwonse ndinkakwera basi ya anzawo kupita ku Woolwich. Nthawi imeneyo sitoloyo inali imodzi yokha, ya nkhalamba ziwiri zachizungu, mwamuna ndi mkazi wake. Ankagulitsa ulusi wolukira majuzi, mikanda, mabatani, maliboni, utoto, waya, guluu ndi maluwa ansalu. Munthu unkagula monga ukufunira, kaya batani limodzi, kaya duwa limodzi, palibe wokukwinyira nkhope. Kumbuyo kunali tebulo lalikulu lothimbirira ndi utoto, pomwe aliyense ankatha kukhala n'kumapanga zake kapu ya tiyi ili pambali.

Musaganize kuti ndikuzitama nkhalambazo. Gogo wamkaziyo chaka chonse choyamba ankasuzumira m'chikwama changa poweruka, akumwetulira ngati akundifunira zabwino. Koma tebulo lija ankalilemekeza, ndipo pa chimenecho ndinkamukhululukira zambiri.

Nkhani ya nkhata inayamba ndi maliro. Bambo wina wa mumpingo mwathu anamwalirira ku chipatala ku Edmonton, thupi likupita kumudzi. Amayi a mumpingo anagwira njakata, chifukwa maluwa enieni sangapirire ulendo wa ndege ndi wa lole mpaka kumanda. Ine ndinati ndipatseni waya. Amayi anga ndiwo ankaluka nkhata pa maliro onse a kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinakula ndikuwagwirira nthambi pamene iwo akumanga. Ndinakhala patebulo lija ndi waya ndi maluwa ansalu, n'kuluka monga ankachitira iwo. Kuchokera pamenepo mbiri inayenda. Amalawi a ku Edmonton, anthu a ku Zambia, ngakhale a ku Zimbabwe, akagwa maliro ankabwera ku Woolwich kudzafunsa mayi wa nkhata uja.

Gogo uja ataona kuti maluwa ake akutha, tsiku lina anandiitana n'kuti mu Disembala ndiziphunzitsa azungu kuluka nkhata Loweruka lililonse.

Ndinamufunsa ndi mtima wonse, "Kodi mu Disembala ndi momwe mumafa ambiri?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati ayi, n'zopachika pachitseko pa Khirisimasi. Sindinakhulupirire mpaka tsiku lomwe ndinayenda mumsewu wina ku Greenwich n'kuona khomo lililonse lili ndi nkhata. Mayo ine! Kwathu ukapachika nkhata pachitseko cha munthu wamoyo, akulu angakukhazike pansi n'kukufunsa kuti ukumufunira chiyani mwini nyumbayo. Komabe ntchito ndi ntchito. Ndinawaphunzitsa azunguwo, iwo n'kumamangirira timasamba taminga ndi timabelu, akuseka. Zawozo ndinkaziona ngati zoseweretsa. Zamaliro ndinkaluka padera, ndili chete, ndipo sindinkalola munthu kuzigwiragwira.

Kenako sitolo inayamba kunona. Azimayi a kuno anagwidwa ndi misala yopanga okha makadi a zikondwerero ndi kumata zithunzi m'mabuku okongoletsa. Loweruka sunkapeza poponda. Nkhalamba zija zinatsegula sitolo ina ku Edmonton, ina ku Croydon, ina ku Romford, mpaka dzina lawo linayamba kuoneka m'mbali mwa mabasi. Ife antchito anatipatsa mayunifomu ofiirira n'kumatiuza kuti ndife banja limodzi. Banja! Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lina tinangoona amuna a masuti akuyeza makoma, ndipo sabata isanathe tinamva kuti nkhalamba zagulitsa zonse, zapita kukaothera dzuwa kunja. Gogo uja sanatsanzike ngakhale kwa mayi amene anamusesera sitolo kuyambira tsiku loyamba.

Amasutiwo sankadziwa kusiyana kwa singano yosokera ndi yolukira, koma mtima wofuna zambiri anali nawo. Anamanga masitolo akuluakulu ngati nkhokwe za fodya m'mphepete mwa misewu ikuluikulu, komwe nkhalamba yopanda galimoto singafike, chonsecho nkhalamba zopanda galimoto ndizo zinkagula ulusi. Batani limodzi linatha, ugule paketi yonse. Duwa limodzi linatha, ugule bokosi lokhala ndi zonse zodulidwa kale, iwe ungomata ngati mwana wa ku mkaka. Tebulo lija anati likudya malo, analikankhira kuchipinda chosungiramo katundu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ukawauza ankakuyang'ana ngati walankhula mpando.

Ndi amasutiwa amene anatibweretsera manijala watsopano. Atalowa ndinamuzindikira nthawi yomweyo, mtima n'kudumpha ndi chimwemwe, kupusa kwangako. Anali mwana wa mayi wina wamkulu wa mumpingo mwathu, mmodzi wa aja anathawa kumudzi ndi amuna awo nthawi ya chipani chimodzi n'kukalambira kuno. Mayiyo tonse tinkawagwadira. Mtsikanayo anabadwira kuno, anaphunzira mpaka ku yunivesite. Chichewa ankamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi. Kutchalitchi ankanditchula anti. Kuntchito ankandiitana pa chimkuzamawu ndi dzina langa lenileni, dzina limene ngakhale amuna anga salitchula, sitolo yonse n'kumamva. Ndinamuuza pambali kuti mwanawe, kwathu sititero. Anamwetulira n'kuti ndi lamulo la kampani, aliyense ndi wofanana.

Sindinganene kuti anali wankhanza. Bola akanakhala wankhanza, munthu umadziwa pomugwira. Iye anali waulemu wouma. Chilichonse ukamuuza ankagwedeza mutu, n'kuti wamva, n'kuiwala usanatembenuke.

Amayi anga anamwalira kutatsala chaka chimodzi kuti mabanki a kuno agwedezeke. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndikanapita sindikanabwerera kwa ana anga. Maliro a amayi ndinawamvera pa foni, mng'ono wanga atakweza foniyo m'mwamba kumanda. Ndinamva nyimbo, ndinamva makasu, ndinamva woyendetsa mwambo akuitana oyala nkhata, kenako khadi yoimbira inatha. Mayi amene analukira nkhata mudzi wonse anaikidwa mwana wake woyamba ali m'khitchini ku Thamesmead, atagwira foni yozima.

Atagawa zovala za malemu, ine ananditumizira chitenje kudzera mwa mtsikana wina amene ankabwera kudzaphunzira. Chinali chobiriwira, cha mbalame zachikasu, chomwe amayi ankachikonda popita kutchalitchi. Chinafika chikununkha utsi ndi sopo wa kumudzi. Ndinachifungatira masiku ambiri. Kenako achimwene anaimba foni kuti amanga chiliza, ndipo mwambo wovundukula udzakhala mu Disembala wa chaka chotsatira, pomwe a m'tauni amakhala pa tchuthi. Mapepala anga anali akadali zii. Ndipamene ndinaganiza kuti ngati ine sindipita, manja anga apite. Mkulu wina wa mumpingo amene ankapita kumudzi chapakati pa Disembala anavomera kundinyamulira nkhata.

Ndinatenga sizasi n'kudula chitenje chija chonse. Sindinasiyeko ngakhale kachidutswa kopukutira misozi. Ndinachidula timasamba ta maluwa, mbalame iliyonse ndikuisamala kuti ikhale pakati pa duwa lake. Amuna anga ataona waya wozungulira patebulo la m'khitchini anaima pakhomo jekete lili m'manja.

Anati m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "Iwe, sinifuna vamaliro mu nyumba muno, tili na bana. Peleka ku nchito kwako."

Sindinatsutse, chifukwa nanenso ndikudziwa kuti nkhata sigona m'nyumba ya amoyo. Ndinanyamula zonse kupita nazo ku sitolo. Ndinakapempha kwa manijala uja mwaulemu, ndipo ndinamufotokozera zonse, kuti nsaluyi ndi ya amayi anga, kuti nkhatayi ndi ya pamanda, kuti inyamuka ndi mkulu uja chapakati pa Disembala. Iye mkuluyo ankamudziwa bwino, poti ndi amene anamuona akukula. Manijalayo anagwedeza mutu n'kuti pepani anti, gwiritsani ntchito tebulo lakumbuyo.

Ndinailuka nthawi yopuma masana, miyezi ingapo, pang'onopang'ono, anzanga akudya masangweji awo. Waya ndi guluu ndinkagula ndekha pa kauntala ngati kasitomala aliyense, kuti pasadzakhale wonena kuti ndaba. Itatha, ngakhale ine ndinaima n'kuiyang'ana. Sindinalukepo ina yoposa imeneyo. Manijala anabwera, anaigwira ndi nsonga za zala n'kuti ndi yokongola zedi, yoyenera pawindo. Ndinamulanda n'kuti si yapawindo iyi. Ndinaikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda cha katundu. Kumudzi ndinauza aliyense. Mng'ono wanga, achimwene, alamu anga, abusa, onse ankadziwa kuti kukubwera nkhata ya chitenje cha malemu kuchokera ku London.

Sitolo inali itayamba kale kununkha imfa, kungoti ife tinkatseka mphuno. Mashelefu anayamba mipata. Malole obweretsa katundu anasiya kubwera. Anthu ankalowa, kugwira ulusi, kuona mtundu, n'kukagula pa kompyuta kunyumba kwawo. Tinamva kuti ya ku Romford yatsekedwa, kenako ya ku Croydon. Manijala ankatisonkhanitsa m'mawa n'kumatiuza kuti kampani ikungodzikonza, Khirisimasi ikonza zonse. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanachotsa nkhata yanga nthawi imeneyo, koma ndikanapita nayo kuti? Kunyumba inali yoletsedwa, ndipo masiku onyamuka anali atayandikira.

Kumapeto kwa Novembala ndinatsika basi m'mawa n'kupeza chitseko chachitsulo chili chotsitsa, pakhomo pali mlonda wachilendo ndi anthu ena a mabaji pachifuwa. Anati kampani yagwa, zonse zili m'manja mwawo tsopano. Anatilowetsa mmodzimmodzi kukatenga majekete ndi makapu athu. Nditalunjika kuchipinda cha katundu, mlonda anatambasula dzanja. Anati chilichonse chili m'chipindamo ndi katundu wa kampani.

Abale, ndinakuwa. Ndinakuwa m'Chingerezi, chitandithera ndinapitiriza m'Chichewa. Manijala anatuluka mu ofesi atanyamula katoni, maso ali ofiira. Ndinamugwira mkono.

"Iwe ukudziwa chimene chili kuseri kwa chitseko chija. Auze anthuwa."

Anayankha m'Chingerezi chake, "Anti, inenso ntchito yandithera. Palibe chimene ndingachite lero. Ndiyesa."

Ndinabwerera tsiku ndi tsiku. Atatsegula kuti agulitse zotsala motchipa, ndinalowa ndi khamu la anthu olimbirana maliboni ngati akhwangwala, ine n'kudutsa mpaka kumbuyo. Chitseko chinali chotsegula. Tebulo lija anali atalilemba mtengo ndi choko. Msomali unalipo, nkhata panalibe. Mlonda anandimvera chisoni n'kuti sanaione ikugulitsidwa, koma manijala ndiye anabwera kudzachotsa zina kumbuyoko asanatsegule. Ndinamuimbira foni, osayankha. Ndinamusiyira mawu, ndinamusiyiranso, foni yake inadzaza ndi mawu anga. Kutchalitchi sankabwera, chifukwa mayi ake anali atagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi, ndipo atatuluka m'chipatala anawatengera kunyumba kwake ku Greenwich. Nyumbayo ine sindinkaidziwa. Ndinafunsa amayi a mumpingo, iwo n'kuti aaa, mwana ali ndi matenda pakhomo, ntchito yamuthera, usamuvutitse ndi maluwa. Ndi maluwa!

Mkulu uja ananyamuka chimanjamanja. Anandifunsa ngati angagule ina m'tauni akafika, ine ndinakana. Mwina kunali kuuma mutu, koma nkhata yogula pa amayi anga, amayi a nkhata, ndinaona ngati kuwatukwana.

Za tsikulo anandiuza ndi mng'ono wanga. Anati nsalu itachotsedwa pa chiliza, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oyala nkhata. Achimwene anayala, iye anayala, adzukulu anayala. Kenako bamboyo, amene sanauzidwe kuti zasintha, anakweza mawu n'kuti tsopano tilandire nkhata yapadera yochokera kwa mwana woyamba wa malemu amene ali kunja. Anthu anatembenuka kuyang'ana. Bamboyo anaitananso. Kenako alamu anga ananena mokweza kuti a ku Ulaya amalonjeza ndi pakamwa. Mng'ono wanga pondiuza sankalira, ankangolankhula motsitsa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalira.

Khirisimasi itangodutsa, amayi a mumpingo anakonza zokazonda mayi wodwala uja. Ndinati ndipita nawo. Ena anandiyang'ana mokayika, koma munthu sungamuletse kukazonda matenda. Tinakwera basi mpaka ku Greenwich masana, kukugwa kamvula kaja kosatha. Tinalowa mumsewu wa nyumba zogundana, khomo lililonse nkhata, monga mwa nthawi zonse. Amene ankatsogolera anatsegula kageti, ine ndili pambuyo ndi poto wa phala la wodwala.

Ndinaizindikira ndisanafike pa sitepe. Kaluke kanga ndimakadziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Inali pachitseko chobiriwira, pa msomali wonyezimira. Anali ataipopera utoto wagolide yonse, n'kumangirira liboni lofiira ndi timabelu. Mvula ya masiku onsewo inali italowa m'nsalu, maluwa ena atagwa makutu.

Poto uja sindikudziwa amene anandilanda. Ndinangomva timabelu tikulira m'manja mwanga, nditaizula pachitseko. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, manijala uja atavala juzi ya Khirisimasi, akumwetulira alendo. Ataona chimene ndagwira kumwetulirako kunatha.

"Iwe," ndinatero. "Iwe mwana iwe. Ichi n'chiyani?"

Anayamba kulankhula mothamanga m'Chingerezi. Anati anaipulumutsa, akanapanda iye bwenzi itagulitsidwa kapena kutayidwa. Anati anaiika m'galimoto, ndiye amayi ake anagwa, mutu wake sunali bwino, mafoni sankamvera. Anati ataipeza m'galimotomo Khirisimasi inali itafika, nyumba ili yachisoni, anafuna kuti pakhomo paoneke mwansangala. Golideyo anati anangowonjezera pang'ono kuti igwirizane ndi nyengo. Amati andibwezera Khirisimasi ikatha.

"Ndinakuuza tsiku. Mwambo wachitika. Aitana dzina langa kumanda, palibe chimene chinatuluka."

Anandiyang'ana ndi maso oona mtima, ndipo ndi zimenezo zimene sindidzamukhululukira. Anati, "Pepani anti, koma mutha kuitumiza mu Januwale. Manda sathawa."

Amayi a mumpingo anagwira pakamwa. Wina anandigwira phewa, ine ndinamusasa. Ndinamukankha mtsikanayo pambali n'kulowa m'nyumba nsapato zili zonyowa, nkhata ili m'manja. Ndikudziwa bwino kuti nkhata salowa nayo kwa wodwala. Ndinkadziwanso tsiku limenelo. Mayi aja anali atawaikira bedi pabalaza, atatsamira mapilo, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Chigwere anali asanatulukepo panja, chitseko chawo anali asanachione.

Ndinagwada, chifukwa ngakhale mkwiyo uli ndi malire pamaso pa akulu. Ndinati, "Mayi, pepani kuti ndalowa chonchi. Onani chimene mwana wanu wakupachikirani pakhomo masiku onsewa inu muli gone muno."

Anayang'ana nkhatayo nthawi yaitali. Golide sanawapusitse. Anatambasula dzanja lamoyolo n'kugwira duwa limodzi, kulipinda kuti aone kunsi kwake.

"Ichi ndi chitenje," anatero, lilime likulemera. "N'cha yani?"

"Cha amayi anga. Inali ya pa chiliza chawo."

Anatseka maso. Tonse tinkadziwa kuti iwonso amayi awo anaikidwa iwo ali kuno, nthawi imene kubwerera kumudzi kunali kudzipereka kundende. Atatsegula maso sanayang'ane ine, anayang'ana mwana wawo amene anaima pakhomo la pabalaza.

Anati, "Ndinakuphunzitsa zonse za eni dziko lino kuti asadzakuseke. Zathu ndinati udzazitola wekha. Taona tsopano, wandilira ndili moyo ndi maluwa a mayi wa mnzako."

Mtsikanayo anayamba kulira. Amayi a mumpingo anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi, ndipo wina anandinong'oneza kuti ndimugwire dzanja mwanayo, ndi nyengo ya chikhululukiro. Ndinadzuka n'kutuluka. Amene akufuna kukhululuka akadule chitenje cha amayi ake kaye, tidzakambirane.

M'basi yobwerera ku Thamesmead ndinachotsa timabelu ndi liboni n'kuziponya pansi pa mpando. Ndinayesa kukanda golideyo ndi chikhadabo, nsalu n'kumang'ambika. Mayi wina wachizungu amene anakhala moyang'anana nane anawerama n'kuti nkhata yanu ndi yokongola, mwaigula kuti? Ndinamuuza dzina la sitolo ija. Anati aa, zachisoni kuti inatsekedwa, inali sitolo yabwino. Nditafika kunyumba amuna anga anatsegula chitseko, anayang'ana nkhata, anayang'ana nkhope yanga, n'kupatuka. Inagona pamwamba pa wadirobu m'chipinda chathu, m'nyumba ya amoyo, ndipo palibe anadandaula.

Sindinaitumize mu Januwale. Sindinafunenso kuipatsa munthu wina aliyense. Masitolo onse a kampani ija anatha, ena anasanduka mogulitsira makapeti, ena anangokhala mabwinja a magalasi. Amasuti aja ndikukhulupirira anapita kukayeza makoma ena. Mtsikana uja anapeza ntchito ina yabwino, ndipo kutchalitchi amayesa kundipatsa moni m'Chichewa chophunzira ukulu. Ndimayang'ana kumbali. Abusa anandiitanirapo nkhani imeneyi, ndinawamvera mwaulemu n'kubwerera kwathu momwe ndinapitira.

Mapepala anga atatuluka ndinanyamula nkhatayo ndekha, pamiyendo, ulendo wonse wa ndege. Kumanda tinapita awiri, ine ndi mng'ono wanga, m'mawa dzuwa lisanatenthe. Panalibe woyendetsa mwambo, panalibe nyimbo, panalibe woitana dzina langa. Chiliza chinali chitayamba kale kuchita ndere m'mbali. Ndinagwada, ndinaivundukula m'pepala, ndinaiyala kumutu.

Mng'ono wanga anaiyang'ana, n'kuwerama kuitembenuza uku ndi uku. Ndi iye amene anachapa chitenjecho komaliza, ndi iye amene anachipinda n'kunditumizira.

Anati, "Achemwali, yokongola ndithu. Nanga ija ya chitenje cha amayi ili kuti?"